Kupangira interpreter yanu malo odzipatula ngati venv ya Python

Funso ili landipeza kokwanira. Limachokera kwa achinyamata amene timakumana nawo Loweruka masana kuno ku Salima, makamaka aja amene atopa ndi kulemba Python ndipo ayamba kudzipangira kachinenero kawo mu C kapena Go. Interpreter (pulogalamu imene imawerenga ndi kuyendetsa khodi ya chinenerocho) ikangoyamba kuyenda, malaibulale (khodi yolembedwa kale imene mapulogalamu ena amaigwiritsa ntchito) nkuyamba kuchuluka, funso lotsatira limakhala lomweli: nanga ndipange bwanji kuti pulojekiti iliyonse ikhale ndi malaibulale akeake, monga imachitira venv, foda yodzipatula ya Python yosungira malaibulale a pulojekiti imodzi? Yankho lake silikwana mu voice note ya pa WhatsApp, ndiye ndalemba pano kamodzi. Wofunsanso ndizingomuponyera linki.

Vuto lake mukulidziwa kale. Laputopu ndi imodzi koma ogwiritsa ntchito ndi awiri. Wina akulemba pulogalamu yolembera mabigili a usipa wotsika ku Senga Bay ndipo ikufuna laibulale ya version 1. Mnzake akuwerengera matumba a mpunga wa ku Lifuwu ndipo yake ikufuna laibulale yomweyo koma version 2. Foda ya malaibulale ikakhala imodzi, woika pambuyo amafafaniza za mnzake.

Ambiri amayambira pa activate, script imene munthu amaitana kuti alowe mu venv, poganiza kuti nkhani yagona pamenepo. Ayi ndithu. Nkhani yagona m'mizere yochepa imene interpreter imayendetsa ikangodzuka, isanawerenge khodi ya munthu aliyense. Pamene Ian Bicking ankatulutsa virtualenv, pulogalamu yopangira malo otere, mu 2007, Python sinkadziwa kanthu za malo odzipatula, ndiye virtualenv inkachita kuipusitsa: inkakopera fayilo ya python, kutengako mafayilo angapo a standard library ndi kuikapo site.py yakeyake. Mu 2012, kudzera mu PEP 405 yolembedwa ndi Carl Meyer (PEP ndi chikalata chopereka ganizo losintha Python), Python 3.3 inaphunzitsidwa kuwerenga yokha kafayilo kotchedwa pyvenv.cfg. Inu simukufunika kupusitsa chilichonse poti interpreter ndi yanu. Tiyerekeze kuti chinenero chanucho mwachitcha mlamba.

1. Siyanitsani zogawana ndi zosagawana

Mudzi wonse umagayitsa pa chigayo chimodzi, koma nkhokwe ndi ya khomo lililonse. Interpreter ndi standard library, kutanthauza malaibulale obwera pamodzi ndi chinenerocho, ndiye chigayo. Malaibulale amene munthu akuchita kuika yekha ndiye a m'nkhokwe. Musakopere standard library mu venv iliyonse. Mudzadzaza hard disk pachabe, ndipo tsiku lokonza cholakwika mu standard library mudzapeza makope akale ali mbwee.

Mu khodi, izi zikutanthauza ma variable awiri pamene poyamba panali imodzi. Python ili ndi `sys.base_prefix`, kumene kuli standard library, ndi `sys.prefix`, kumene kumaikidwa zatsopano. Kunja kwa venv ziwirizi zimafanana, mkati mwa venv zimasiyana, ndipo umu ndi mmene pulogalamu imadziwira kuti ili mu venv. Tsegulani khodi yanu, pezani paliponse pamene munalemba variable ya "kumene mlamba ali", ndipo pamalo aliwonse dzifunseni kuti pakufunika iti mwa ziwirizi.

Ndinene pano kuti njirayi si yokhayo. Node, imene imayendetsa JavaScript, imafunafuna foda ya node_modules kuyambira pamene pali fayilo yoitanayo nkumakwera m'mwamba. Ku Python ena anayesa kubweretsa zofananako mu PEP 582, koma inakanidwa mu 2023. Ngati malaibulale a chinenero chanu sadzabwera ndi ma command awoawo, njira ya Node ndi yachidule ndipo mukhoza kulekera pomwepa. Ngati adzabwera nawo, pitirizani.

2. Konzani foda ndi kafayilo kake

```
.venv/
  mlamba.cfg
  bin/mlamba -> /usr/local/bin/mlamba
  lib/mlamba0.4/packages/
```

Muvi uwo ndi symlink, kafayilo kamene mkati mwake mulibe china koma dzina la fayilo ina. Mukakaitana, kompyuta imakalondola nkukayendetsa fayilo yeniyeniyo. Mu mlamba.cfg mizere itatu ndi yokwana:

```
home = /usr/local/bin
version = 0.4.2
include-system-packages = false
```

`home` ndi foda imene muli interpreter yeniyeni, osati fayilo ya interpreter, ndipo osatinso `/usr/local`. Apa ambiri amaphonya. Musalembe kafayiloka mu JSON kapena YAML. Kamawerengedwa interpreter isanadziwe kumene kuli standard library, ndiye ngati chowerengera JSON chili mu standard library momwemo, mwadzitsekera panja makiyi ali mkati. Mawu, chizindikiro cha =, mawu ena, basi.

3. Phunzitsani interpreter kudziwa pamene yaitanidwira

Apa ndiye pofunika kudekha, chifukwa malangizo ambiri amangodumphapo.

Interpreter ikadzifunsa kuti "ndili pati", mayankho ndi awiri ndipo onse ndi oona. Loyamba ndi dzina limene yaitanidwira, `/home/ophunzira/usipa/.venv/bin/mlamba`. Lachiwiri ndi pamene fayilo yeniyeni ili, `/usr/local/bin/mlamba`. Venv yonse yatsamira pa yankho loyambalo. Mukalitaya, venv palibe.

Ndipo kulitaya sikuvuta. Mukafufuza pa intaneti mmene pulogalamu ya C imadziwira pamene ili pa Linux, yankho limene mupeze msanga ndi kuwerenga `/proc/self/exe`. Mu Go, `os.Executable()` pa Linux imawerenga pomwepo. Koma kernel, chimake cha Linux, imapereka dzina italondola kale symlink mpaka kumapeto, ndiye mumalandira `/usr/local/bin/mlamba`. Interpreter imayang'ana pambali pake, mlamba.cfg palibe, nkuganiza kuti ili panja. Choipa nchakuti sipatuluka uthenga uliwonse wa error. Zonse zimayenda, malaibulale amalowa bwinobwino, kungoti akulowa m'foda ya onse. Mudzazindikira tsiku limene pulogalamu ya mpunga ya mnzanu yasiya kugwira ntchito iye asanaikhudze.

Tsatani dongosolo ili mosasinthanitsa.

Choyamba, tengani `argv[0]`, dzina limene pulogalamu imapatsidwa ndi woiitana. Ngati muli chizindikiro cha `/`, ilumikizeni ndi foda imene muli kuti dzina likhale lathunthu, koma musaitane `realpath`, chifukwa nayonso imalondola symlink. Ngati mulibe `/`, ndiye kuti munthu wangolemba `mlamba` ndipo shell, pulogalamu yolandira ma command monga bash, yaipeza kudzera mu PATH. PATH ndi mndandanda wa mafoda amene shell imayang'anamo ma command. Yendani mu mndandandawo nokha, foda ndi foda, ndipo tengani mlamba woyamba amene ali ndi chilolezo choyendetsedwa.

Chachiwiri, yang'anani mlamba.cfg m'malo awiri okha: m'foda imene muli dzina mwapezalo, ndi foda imodzi pamwamba pake. Python imatero ndi pyvenv.cfg. Musapitirize kukwera. Mukatero, kafayilo kamodzi koiwalika mu foda yaikulu ya munthu, monga `/home/ophunzira`, kadzagwira mlamba aliyense woitanidwa pansi pake, ndipo mwini wake adzasowa poyambira kufufuza.

Chachitatu, mukakapeza, `prefix` ikhale foda ya venv, ndipo `base_prefix` muifune kuyambira pa `home`. Kuti mutsimikize kuti mwafikadi pa standard library, funani fayilo imodzi imene singasowe. Python 3.12 pa Linux imafuna `lib/python3.12/os.py`, kuyambira pa home nkumakwera. Sankhani yanu, ndipo ikasowa imani pomwepo ndi uthenga wotchula dzina la cfg ndi home imene mwayesa. Musabwerere mwakachetechete ku foda ya onse.

Chachinayi, ngati cfg palibe, apa pokha ndi pamene mulondole symlink mpaka pa fayilo yeniyeni, mupeze standard library, ndipo ma prefix awiri aja afanane.

Chachisanu, sungani dzina losalondola lija kuti mapulogalamu azitha kuliwerenga, monga `sys.executable` ya Python. Pulogalamu ikafuna kuyambitsa mlamba wina, mwina woyesera khodi kapena wogawana naye ntchito, izigwiritsa ntchito dzina limeneli. Mukasunga lolondola, pulogalamu yoyambayo idzakhala mu venv koma ana ake adzabadwira panja.

Dziwani kuti `argv[0]` ikhoza kunama, poti woitana ali ndi ufulu wolembamo chilichonse. Mu bash, `exec -a` imachita zimenezo. Choncho dzina mwapezalo likakhala kuti silikuloza fayilo yeniyeni, pamenepo gwiritsani ntchito `/proc/self/exe`. Malo ake ndi amenewo, omaliza.

Ubwino wa dongosololi umaonekera pa mzere wa shebang, mzere woyamba wa script uja woyamba ndi `#!`. Kernel ikawerenga `#!/home/ophunzira/usipa/.venv/bin/mlamba`, imayendetsa interpreter ndipo dzina lomwelo ndi limene limakhala `argv[0]`. Script imalowa yokha mu venv yake popanda wina kuchita activate.

Palinso nkhani ya munthu wopanga venv yatsopano ali mkati mwa ina. Mukalemba `home` kuchokera pa dzina losalondola, venv yatsopanoyo idzaloza ku bin ya venv yakale, ndipo yakaleyo ikafufutidwa zonse zimafera limodzi. `home` izichokera nthawi zonse ku interpreter yoyambirira.

Tsopano Windows, poti malaputopu ambiri amene timagula ogwiritsidwapo kale ntchito amabwera ndi Windows. Kumeneko symlink imafuna chilolezo cha administrator kapena Developer Mode, ndiye musaidalire. Ngati mlamba wanu ndi fayilo imodzi ya exe yosadalira DLL (fayilo ina ya khodi imene exe imaifuna podzuka) yanuyanu, ingoikoperani mu foda ya Scripts, muipeze ndi `GetModuleFileNameW`, mwamaliza. Ngati imadalira DLL, monga python.exe imadalira python312.dll, kope lokha silidzuka. Kuyambira pa 3.7.2, Python imaika mu Scripts kapulogalamu kakang'ono kotchedwanso python.exe. Kameneka kamawerenga pyvenv.cfg, kuyambitsa python yeniyeni, nkuiuza dzina la mu venv kudzera mu environment variable ya `__PYVENV_LAUNCHER__`. Mukatengera njirayi, ifufuteni variable yanuyo mukangoiwerenga, apo ayi interpreter ina iliyonse yoyambitsidwa pansi pake idzadzitenga ngati ili mu venv imene si yake.

Wofuna kuona mmene anzathu analembera zonsezi atsegule `Modules/getpath.py` mu khodi ya CPython, interpreter yodziwika ya Python. Kuyambira pa 3.11 gawoli linalembedwa mu Python, ndipo limawerengeka kusiyana ndi C yakale ija.

4. Mangani mndandanda wofunira malaibulale, kenako tsekani mipata

Ku Python mndandandawu umayamba ndi foda ya script, kenako za mu PYTHONPATH (environment variable imene munthu amalembamo mafoda ena ofunira malaibulale), kenako standard library, pomaliza site-packages ya mu venv. Mukhoza kutengera momwemo. Ntchito ili pa mipata yolowera zakunja, ndipo ilipo itatu.

Woyamba ndi foda ya malaibulale a munthu payekha, monga `~/.local/lib/python3.12/site-packages`. Ngati mlamba ali ndi yofanana nayo, itsekeni mu venv pamene include-system-packages ili false. Python imatero.

Wachiwiri ndi environment variable. Venv ya Python siitseka PYTHONPATH, ndipo activate siichotsa. Munthu amaika mzere mu .bashrc potsatira malangizo ena a pa intaneti, nkuiwala, kenako pakapita miyezi akudabwa kuti venv yatsopano ikuona laibulale imene sanaikemo. Ine ndikanasankha kuti mlamba aziilemekezabe MLAMBA_PATH, yofanana ndi PYTHONPATH, koma azichenjeza ndi mzere umodzi akaipeza ali mu venv.

Wachitatu ndi foda ya script. Wophunzira aliyense wa Python amene anatchapo fayilo yake random.py akudziwa zimene zimachitika: `import random` imatenga fayilo yakeyo m'malo mwa yeniyeni. Python ili ndi `-I`, yotseka mipata itatu yonseyi, ndipo 3.11 inawonjezera `-P` yochotsa foda ya script yokha. Ikani zofanana nazo kuyambira pachiyambi, pamodzi ndi command yosindikiza mndandanda wonse monga `python -m site`. Munthu akakufunsani chifukwa chimene laibulale yake sikupezeka, mumuuze atumize zimene command imeneyo yatulutsa, ndipo kawirikawiri yankho limakhala momwemo.

Mafayilo a `.pth` a Python musatengere. Mzere woyamba ndi `import` m'mafayilo amenewo umayendetsedwa nthawi iliyonse interpreter ikadzuka, ndipo palibe chifukwa choti chinenero chatsopano chilowe m'mavuto amenewo. Kumbukiraninso kuwauza ogwiritsa ntchito kuti venv si chitetezo. Laibulale yoipa ya mu venv ikhoza kuwerenga kapena kufufuta fayilo iliyonse imene mwini laputopu angaifikire.

5. Choikira malaibulale chizifunsa interpreter

Pulogalamu yanu yofanana ndi pip, choikira malaibulale cha Python, isamaganizire yokha koika zinthu. Izifunsa interpreter imene ikuiyendetsa, monga pip imafunsira `sysconfig`. Nchifukwa chake timalimbikira kunena kuti lembani `python -m pip install`, osati `pip install` yokha: python amene mwaitanayo ndi amene alandire laibulale. Kwa mlamba, chitani kuti njira ikhale imodzi, `mlamba -m ika`, ndipo musapereke command ina yapadera yosokoneza anthu.

Laibulale ikabwera ndi command yake, choikiracho chilembe script mu `.venv/bin` yokhala ndi shebang ya dzina lonse la interpreter ya mu venv. Pali misampha iwiri. Shebang siilola mpata m'dzina la foda, ndipo mafoda athu timawatcha "Project Ya Final". Komanso Linux yakale, isanafike 5.1, inkadula mzerewo pa zilembo 127. Pip imathana nazo zonse ziwiri polemba `#!/bin/sh` pamwamba ndi mzere wa `exec` pansi pake woitana interpreter ndi dzina lili m'ma quotes.

Ganizirani za bandulo. Kupanga venv kusafune intaneti ngakhale pang'ono. Python inathetsa izi ndi ensurepip mu 3.4: pip imabwera itasungidwa kale mkati mwa Python momwemo. Pa Debian ndi Ubuntu gawoli analipatula, nchifukwa chake `python3 -m venv` imakana mpaka mutaika python3-venv. Kwa mlamba njira yachidule ndi kusiya choikiracho mu standard library, kuti pasakhale chokopera nkomwe.

Lolaninso kuika kuchokera pa foda wamba. Ku Python, amene wapeza netiweki yabwino amachita `pip download -d zosunga -r requirements.txt`, nkuponya fodayo pa flash, ndipo ena onse amaika ndi `pip install --no-index --find-links zosunga -r requirements.txt`. Bandulo ya munthu mmodzi imakwanira gulu lonse, bola makompyutawo akhale ndi version imodzi ya Python ndi operating system yofanana. Mnzathu wa ku Chipoka kapena ku Khombedza amene netiweki imamuvuta madzulo adzathokoza ngati mlamba ali ndi zoterezi.

Ngati mlamba adzabwere ndi operating system tsiku lina, onani PEP 668. Debian 12 ndi Ubuntu 23.04 kupita mtsogolo zimakaniza pip kuika zinthu kunja kwa venv ndi uthenga wa externally-managed-environment, kuopa kuwononga mapulogalamu a kompyutayo amene amadalira Python.

6. Lembani activate pomaliza, ndipo ikhale yaifupi

Ntchito yake ndi kuika `.venv/bin` patsogolo pa PATH, kulemba dzina la foda ya venv mu variable ya VIRTUAL_ENV kapena ya dzina lanulanu, kuchotsa MLAMBA_HOME (variable youza interpreter kumene kuli standard library) ngati ilipo, kusintha prompt, ndi kusunga zakale kuti deactivate izibwezeretse. Iziitanidwa ndi `source`, chifukwa script yoyendetsedwa payokha singasinthe PATH ya shell imene yaiitana. Interpreter isamawerenge VIRTUAL_ENV posankha prefix. Mukalola zimenezo, munthu amene wachita activate ya usipa nkuitana mlamba wa mpunga ndi dzina lonse adzalandira malaibulale a usipa.

7. Version ikasintha, kanani momveka

Symlink imaloza ku `/usr/local/bin/mlamba`, ndipo tsiku lina fayiloyo idzakhala 0.5 pamene venv inapangidwa ndi 0.4. Ku Python zimenezi zimachitika munthu akakweza Ubuntu: python3 tsopano ndi 3.12, ikufuna `lib/python3.12/site-packages`, koma mu venv muli `lib/python3.10`. Malaibulale onse amaoneka ngati asowa. Kusintha dzina la foda si mankhwala, chifukwa malaibulale olembedwa mu C kawirikawiri amamangidwira version imodzi. Ndiye tanthauzo la cp310 kapena cp312 m'maina a mafayilo a wheel, momwe malaibulale a Python amabwera atamangidwa kale.

Inu muli ndi mzere wa version mu cfg. Ufananizeni podzuka, ndipo manambala awiri oyamba akasiyana imani nkunena kuti venv iyi ndi ya 0.4, mlamba ndi 0.5, ifufuteni mupange ina. Venv ikhale chinthu chotayika mosadandaula. Choyenera kusunga ndi fayilo ya mndandanda wa malaibulale ndi ma version ake. Ndipo isalowe mu git. Kuyambira pa 3.13, Python imadziikira yokha .gitignore mu venv, ndipo ndi mzere umodzi wokha wa khodi kuti inunso mutero.

8. Yesani izi musanauze anthu kuti zatheka

Itanani `.venv/bin/mlamba` popanda activate, muli mu foda ina, ndipo onani ngati prefix ndi base_prefix zasiyana. Bwerezani mutachita activate nkungolemba `mlamba`. Mkati mwa pulogalamu yambitsani mlamba wina ndipo naye asindikize prefix yake. Pangani venv muli mu venv ina, fufutani yoyambayo, yachiwiri iziyendabe.

Yesani pa flash. FAT32 ndi exFAT sizidziwa symlink, ndiye chopangira venv chizindikire kuti symlink yakanika nkukopera fayiloyo, monga `--copies` ya Python, kapena chinene momveka chimene chavuta. Yesaninso mu foda ya dzina lokhala ndi mpata.

Dulani ntchito pakati ndi Ctrl+C, poti batire yotopa idzachita zomwezo magetsi akazima. Venv ya theka lokha isaoneke ngati yathunthu. Pa mizere itatu ija onjezani wina, womaliza kulembedwa mu cfg, wonena kuti kupanga kwatha, ndipo interpreter ikapeza cfg yopanda mzerewo iuze munthu kuti apangenso.

Pomaliza sinthani dzina la foda ya pulojekiti. `.venv/bin/mlamba` iyenera kugwirabe ntchito, chifukwa imadzipeza yokha pamene ili ndipo `home` sinasunthe. Ma script a mu bin ndiwo afe, poti shebang yawo ikutchula dzina lakale, ndipo uthenga wake pa bash umakhala wa bad interpreter kapena wonena kuti fayilo yofunika sikupezeka. Musataye nthawi kufuna kuti venv izisamuka. Lembani m'malangizo a mlamba kuti wosamutsa foda, kapena wolandira pulojekiti ya mnzake pa flash, afufute .venv, apange yatsopano, ndi kuika malaibulale kuchokera pa mndandanda uja.